Tsitsi la Anyamata a ku Tulsa

M'chaka cha 1967 ku America kudatuluka buku lotchedwa The Outsiders. Mlembi wake, Susan Eloise Hinton, adayamba kulilemba akadali pasekondale mumzinda wa Tulsa, ku Oklahoma. Osindikiza adamulangiza kuti pachikuto alembepo S. E. Hinton chabe, poopa kuti amuna angalinyoze atadziwa kuti wolemba ndi mtsikana.

Tulsa udali mzinda wotukuka ndi malonda a mafuta, koma chumacho sichidafike pakhomo lililonse. M'bukumu ana a mpondamatiki, otchedwa Socs, amakhala kumadzulo kwa mzinda ndipo amayendera galimoto zodula. Amphawi akum'mawa, otchedwa Greasers, chonyadira chawo n'tsitsi lalitali lodzola mafuta. Wina angati n'zachibwana, komatu anawa alibe china choonetsa pagulu.

Usiku wina Johnny apha mmodzi wa Socs pofuna kupulumutsa mnzake Ponyboy, mwana wamasiye wa zaka 14, ndipo awiriwo athawira m'tchalitchi chakale. Kuti asazindikirike, ayenera kumeta. Mantha a apolisi alipo ndithu, koma chimuwawa kwambiri Ponyboy n'kuona mpeni wa Johnny ukugwetsa tsitsi lomwe linkauza aliyense kuti iye ndi wa gulu liti.