Chidole cha teddy: mmene kuchapa kunagawira ntchito imodzi pawiri

Mu Disembala 1994, pa okushoni ya kampani ya Christie's ku London, chidole chimodzi cha chimbalangondo chinagulidwa mapaundi 110,000. Dzina lake ndi Teddy Girl. Chinasokedwa ndi kampani ya Steiff ya ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mwini wake, msilikali wa ku Scotland dzina lake Bob Henderson, anakhala nacho kuyambira ali mwana mpaka tsiku lake lomwalira. Wogula anali Yoshihiro Sekiguchi, amene anakachiika m'nyumba yoonetsera zidole ku Izu, m'dziko la Japan. Nkhani yotere ikamveka, ena amangopukusa mutu kuti ndalama zikachuluka zimasowa kolowera. Ena amati ayi, apa ndiye kuti ntchito yamanja ya makolo yalemekezedwa. Onsewa akuphonya. Kusoka teddy pamanja n'kumagulitsa kwa akuluakulu oti akasunge m'kabati si mwambo wakale umene wapulumuka. Ndi ntchito ya posachedwapa, ndipo inabadwa kuchokera ku funso limene mayi aliyense amakhala nalo asanapatse mwana chidole: kodi chimenechi chikada, chichapika?

Teddy anabadwira pa malonda, osati pakhonde la agogo. Dzina analitenga kwa pulezidenti wa America, Theodore Roosevelt, amene mu Novembala 1902, ali kosaka nyama ku Mississippi, anakana kuwombera chimbalangondo chimene anzake anachigwira n'kuchimangirira kumtengo. Clifford Berryman anajambula nkhaniyo mu nyuzipepala ya Washington Post, ndipo Morris Michtom ndi mkazi wake Rose, amene ankagulitsa maswiti ku Brooklyn, anasoka kachimbalangondo n'kukaika pawindo la sitolo. Nyama ija sinapulumuke ayi, anaimaliza ndi mpeni, koma ogulitsa zidole sakonda kufika pamenepo akamafotokoza. Ku Germany nkhani inayenda mwa njira ina. Margarete Steiff, wobadwa mu 1847 m'tauni ya Giengen, anadwala poliyo ali khanda, miyendo n'kufa, dzanja lamanja n'kufooka, moti makina osokera ankachita kuwatembenuza kuti azipukusa ndi dzanja lamanzere. Mu 1880 anasoka tinjovu tobayapo singano, koma ana anatilanda n'kumaseweretsa. Mwana wa mchimwene wake, Richard, ndi amene mu 1902 anakonza chimbalangondo chotha kuzunguza manja ndi miyendo, ndipo chaka chotsatira, pa chionetsero cha malonda ku Leipzig, wamalonda wina wa ku America anaitanitsa zidole 3,000. Pofika 1904 otengera anali atachuluka, n'chifukwa chake kampaniyo inayamba kukhomera kabatani kachitsulo m'khutu la chidole chilichonse. Mu 1907 inatulutsa zidole za teddy zoposa 970,000, ili ndi antchito 400 m'fakitale ndi ena 1,800 osokera kunyumba kwawo. Palibe amene panthawiyo ankaona zidolezi ngati chuma chosunga. Anali katundu wa ana, wotuluka mwaunyinji.

Tang'ambani msoko wa chidole cha nthawi imeneyo muone zimene zili m'kati. Kunja kuli nsalu ya mohair, ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora wolukidwa pa nsalu ya thonje. M'mimba ndi m'mutu mwadzaza zopalapala za matabwa, zazitali ngati tizingwe, zokankhidwa ndi kamtengo mpaka gwa, ndipo mukachifinya chimamveka tswa tswa. Paphewa, pantchafu ndi pakhosi pali timawilo tiwiritiwiri ta katoni tolumikizidwa ndi kachitsulo kopinda, ndipo ndi timeneti timene timalola mutu kutembenuka. Maso oyamba anali mabatani a nsapato, kenaka kunabwera agalasi okoledwa ku waya. Mphuno inkasokedwa ndi ulusi wokhuthala, msoko uliwonse pambali pa unzake. Zonsezi n'zokongola, koma palibe chimodzi chomwe chimagwirizana ndi madzi. Katoni imafufuma, kachitsulo kamachita dzimbiri n'kudya nsalu, zopalapala zija zimasunga chinyezi mpaka kuola. Pamene mwana, tikudziwa tonse, chidole amachiyamwa khutu, amachikoka m'dothi, amachikodzera akagona nacho. Diso lagalasi likasololoka, malo ake oyamba ndi m'kamwa mwa mwanayo. Kwa zaka makumi asanu makolo a ku Ulaya ndi ku America ankangopirira, kupukuta pamwamba ndi kansalu, chifukwa panalibe china.

Amene anathetsa vutoli ndi Wendy Boston, mayi amene anali ndi fakitale ku Wales. Mu 1948 kampani yake inatulukira maso apulasitiki okhomera kumbuyo oti mwana sangawazule, ndipo mu 1954 inatulutsa teddy woyamba wochapika thupi lonse: nsalu ya nayiloni, m'kati siponji, wopanda timawilo tija, makutu odulidwa pamodzi ndi mutu kuti azitheka kupanidwa pachingwe poyanika. Zinakumana ndi nthawi imene makina ochapira ankalowa m'nyumba za anthu wamba. Apa mayi wogula sanafune womulangiza. Chidole chotchipa, chosapweteka mwana, cholowa m'makina Loweruka n'kuuma Lamulungu, chinapambana, ndipo chinayenera kupambana. Kuipa kwake kunali kwakuti chidole chopanda zolumikizira, cha nsalu yosavuta, aliyense angathe kuchisoka msanga, ndipo posakhalitsa ntchitoyo inasamukira ku mafakitale a ku Asia kumene antchito ankalandira zochepa. Makampani akale a ku Britain anatha imodzi ndi imodzi. Chad Valley inagulidwa ndi Palitoy mu 1978, fakitale ya Wendy Boston yomweyo inali itatsekedwa kale, ndipo Merrythought ya ku Ironbridge, imene inayamba mu 1930, ndi imodzi mwa zochepa zimene zikusokabe mpaka lero.

Ana atachoka, mohair ndi timawilo tija zinasowa mwini, ndipo amene anazitola ndi akuluakulu omwe anakula nazo. Mu 1969 katswiri wa zisudzo wa ku Britain, Peter Bull, analemba buku lonena za anthu aakulu amene amasungabe zidole za ubwana wawo, ndipo ambiri amene ankachita manyazi anatulukira poyera. Chidole chake china chinaoneka mu sewero la pa wailesi yakanema la Brideshead Revisited mu 1981, chitanyamulidwa ndi mnyamata wa payunivesite, ndipo msika unatentha. Ku America, m'zaka za m'ma 1970, Beverly Port, amene poyamba ankapanga zidole za anthu, anayamba kusoka zimbalangondo zakezake n'kumazionetsa monga ntchito ya luso yokhala ndi dzina la mwini. Ambiri amamutenga ngati mayi wa ntchitoyi. Steiff nayo inaona kumene mphepo yalowera: mu 1980 inayamba kusokanso zidole zake zakale mwa chiwerengero chochepa, chilichonse ndi nambala yake. Wosoka wamakono amagwiritsa ntchito dala zonse zimene Wendy Boston anazitaya, maso agalasi, zolumikizira zisanu, mphuno yosoka ndi singano, ena mpaka kuthira timikanda tachitsulo m'mimba kuti chidole chilemere m'manja. Ndipo lamulo linatsimikiza kugawanikaku. Ku Ulaya, choseweretsa ndi chimene chapangidwira mwana wosafika zaka 14, ndipo chiyenera kuyesedwa kuti maso sazuka, nsalu sigwira moto msanga. Wosoka pamanja amalemba pa kapepala kuti chidole chake ndi cha akuluakulu osunga, si choseweretsa. Teddy woletsedwa kwa ana: Margarete Steiff akanamva zimenezi akanadabwa.

Wina anganene kuti ndikukokomeza, popeza zidole za mu 1907 nazonso zinkasokedwa ndi manja, ndiye kuti wosoka wa lero akungopitiriza ntchito yomweyo. N'zoona kuti manja analipo, ndipo alipobe m'fakitale ya Steiff. Umboni wake ndi wakuti kampaniyo itatumiza mbali ina ya ntchito ku China mu 2004, pofika 2008 inalengeza kuti ikuibweza, chifukwa wosoka amatenga miyezi yambiri kuti aphunzire, ndipo antchito kumeneko ankachoka asanakhwime. Diso likangosuntha pang'ono, nkhope yonse imasintha. Koma manja a mu 1907 anali ogawana ntchito. Wina ankadula, wina kulumikiza, wina kudzaza, wina kusoka mphuno tsiku lonse, onse kutsata pulani ya munthu mmodzi, ndipo cholinga chinali choti zidole zifanane. Wosoka wa lero amajambula yekha pulani, amasankha nsalu, amameta ubweya wa pakamwa ndi kasizasi, amasaina dzina lake, ndipo cholinga chake n'choti chidole chisafanane ndi china chilichonse. Zipangizo ndi zakale, koma ntchito ya munthu mmodzi kuyambira pa pepala mpaka pa msoko womaliza inayamba teddy ali kale ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha ndalama: kuti zonsezi ndi juga ya anthu olemera yovekedwa ubweya. Mbali ina sitingaikane. Paul Greenwood, woyendetsa ndalama za anthu ku America amene anavomera mlandu wa chinyengo mu 2010, anali ataunjika zidole za Steiff zambirimbiri, ndipo zitagulitsidwa ku Christie's chaka chomwecho zinabweretsa mapaundi oposa 1 miliyoni. Komabe tiyang'ane zimene zimakweza mtengo. Chidole chofiira chotchedwa Alfonzo chinagulidwa mapaundi 12,100 mu 1989 chifukwa chinali cha Xenia, mwana wa banja lachifumu la ku Russia, amene nkhondo ya 1914 inamupeza ali ku England ndipo bambo ake, omwe anamupatsa chidolecho, anaphedwa mu 1919. Zidole zakuda zimene Steiff inasoka mu 1912, sitima ya Titanic itamira, zimafunidwa chifukwa cha maliro amene zinasokedwera. Yerekezani ndi tizidole ta Beanie Babies, timene anthu anatigula mopenga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 poganiza kuti tidzawalemeretsa: tinali mamiliyoni, topanda mbiri, ndipo mtengo unagwa pasanathe zaka zingapo. Wajuga amatsatira mtengo, koma mtengowo unayambira pa kusowa kwa chinthu ndi pa nkhani ya mwini wake.

Pamenepa ndi pamene otsutsa ena ali ndi mfundo imene ine ndikuivomereza: chidole chosaseweretsedwa sichingakhale ndi nkhani. Teddy amene Christopher Robin Milne anagulidwira ku Harrods mu 1921, amene bambo ake anamusandutsa Winnie-the-Pooh mu 1926, ali m'galasi ku New York Public Library, ndipo anthu amapita kukaona kuthothoka kwake komweko. Chidole chogulidwa dzulo n'kulowa m'kabati ndi chiphaso chake sichidzathothoka motero. Chidzangokhala chatsopano chokalamba. Osunga amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake malamulo awo a kasamalidwe amaoneka ngati otsutsana. Chatsopano amachiteteza ku chilichonse, pamene chakale amachitetezera zipsera zake. Wokonza wodziwa ntchito sachotsa chigamba chimene mayi wa mwana anasoka kalekale pa phazi. Amangolimbitsa nsalu yofooka kuchokera m'kati, ndi ulusi wotheka kumasula tsiku lina. Kusintha maso, kudzaza siponji m'malo mwa zopalapala, kapena kudaya ubweya kumagwetsa mtengo. Adani enieni ndi atatu: dzuwa limene limasuwitsa mtundu ndi kufooketsa ulusi, chinyezi, ndi njenjete, imene mphutsi zake zimadya mohair chifukwa ndi ubweya wa nyama. Chidole chachilendo chikabwera pakhomo amachikulunga bwino n'kuchigoneka m'firiji yozizira kwambiri masiku angapo kuti mazira afe chisanakumane ndi zinzake. Fumbi amachotsa ndi kaburashi kofewa, litsiro ndi thovu la sopo pa kansalu, osanyowetsa. Posunga nthawi yaitali amasankha nsalu ya thonje, osati jumbo ya pulasitiki imene imatsekera chinyezi m'kati.

Kuno kumwera kwa Africa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi zimatikhudza, ngakhale m'nkhalango zathu mulibe chimbalangondo. Pafupifupi theka la mohair wa dziko lonse limachokera ku South Africa, makamaka ku Karoo; mbuzi za Angora zinafika koyamba m'dzikolo mu 1838, ndipo Lesotho nayo imameta wambiri. Nsalu ya zidole zodula imalukidwa ku Ulaya, monga ku fakitale ya Schulte ya ku Duisburg, imene Steiff inaigula mu 2009. Zidzukulu za chidole cha Wendy Boston ndi zimene zimatifika m'mabelo a kaunjika, zofewa, za maso apulasitiki, ndipo zimenezo chapani ndi mtima wonse, muyanike padzuwa, mwana agone nazo. Koma mukadzatola m'mulu chidole cholimba, chozunguza mutu ndi miyendo, chomveka tswa tswa mukachifinya, yang'anani kaye m'khutu lamanzere ngati muli kabatani kachitsulo, ndipo kaya kalipo kaya palibe, musachiviike m'beseni.