Dzina Lobisala mu Utawaleza

Tsiku lina madzulo mvula itakata kuno kwa Kaphuka, ana adathamangira pabwalo akuloza ku mapiri a Chongoni, nafuula kuti kwaoneka utawaleza. Ndidaŵafunsa kuti, "Kodi uta umenewu ngwa yani?" Onse adangoti kakasi. Sankadziŵa kuti pakamwa pao patuluka dzina la Mulungu.

Liwu limeneli ndi mau atatu olumikizika: uta wa Leza. Leza ndi limodzi mwa maina amene makolo athu ankatchula Mlengi, pamodzi ndi Chauta, Namalenga, Mphambe ndi Chisumphi. Atonga a ku Zambia akupempherabe kwa Leza mpaka lero, Abemba nawo amati Lesa. Koma pakati pa ife Acheŵa dzinali lidazilala, lidangotsalira m'liwu lija monga mbeu yoiŵalika m'chikwatu. Angerezi nawonso zidaŵaonekera: potsazikana amati goodbye, ambiri osazindikira kuti kale mauwo ankatanthauza kuti Mulungu akhale nanu.

Omasulira Malembo m'chinenero chathu adayenera kusankha maina. Buku Lopatulika la 1922 lidalemba dzina la Mulungu wa Aisraele kuti Yehova. Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti adamasulira pamodzi nalitulutsa mu 1998, lidatenga Chauta, dzina limene ambiri amalitanthauzira kuti Mwini uta. Motero Chauta adapeza malo m'mapemphero athu, Leza natsala m'mitambo.

Komatu m'mitambomo sadatayike. Pa Genesis mutu 9, Mulungu akuika uta wake m'mitambo kuti ukhale chizindikiro cha chipangano chake ndi Nowa, chakuti chigumula sichidzaononganso dziko. M'Chihebri liwu la utawaleza ndi lomwelo la uta wankhondo. Ahebri ndi makolo athu sadaonanepo, koma poyang'ana kumwamba adaona chinthu chimodzi: uta wa Mwiniwake, wopachikidwa, wopanda muvi.

Zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni zidaloŵa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo zili ndi ozisamala. Mau alibe mlonda wina koma inu makolo. Tsono mwana wanu akadzaloza utawaleza, musadzangoti ngwokongola. Mudzamuuze mwini wake wa uta, kuti dzina limene agogo ake ankalitchula mwaulemu lisafere pakamwa pathu.