Kuchokera pa sitensulo kufika pa pulinta ya pa netiweki

Lero ndikulemba kuchokera kuno ku Chikale za mbiri ya chipangizo chimene timangochiona ngati wamba.

Kusindikiza si kwachilendo kuno kumpoto. A mishoni ya Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika ku Bandawe, m'boma lathu lino la Nkhata Bay, mu 1881. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ku Khondowe, ndipo ntchito yosindikiza inali imodzi mwa maluso amene anyamata ankaphunzira kumeneko.

Koma ife aphunzitsi chimene chinatilera ndi makina a Gestetner, amene anatenga dzina la David Gestetner wa ku London. Mayeso tinkawataipa pa sitensulo ndi taipilaita yopanda riboni kuti zilembo ziboole pepala. Kenako tinkapukusa chogwirira, inki n'kumadutsa m'timabowo tija. Akale mukukumbukira fungo lake.

Pulinta ya laser anaipanga ndi Gary Starkweather ku Xerox mu 1971. Inali yodula, choncho panafunika njira yoti makompyuta ambiri azigawana imodzi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Robert Metcalfe ndi anzake anayambitsira Ethernet mu 1973. HP LaserJet inatuluka mu 1984.

Nzeru yogawana ija ndi imene ndimagwiritsa ntchito kunyumba. Pulinta ndinailumikiza ku rauta, ndipo kompyuta ndi foni zimaipeza kudzera pa nambala yake ya IP. Langizo langa ndi ili: ipatseni nambala yokhazikika. Mukapanda kutero, magetsi akazima n'kuyakanso, rauta ingathe kuipatsa nambala ina, kompyuta n'kumaifuna pomwe palibe.

Pali chimodzi chimene sitensulo inkatiposa nacho. Inali imodzi yokha, ndipo ahedi ankaitsekera m'kabati. Lero pepala la mayeso likhoza kutuluka m'chipinda china inu mulibe, kapena kutsala pa mzere wodikira mpaka wina atayatsa pulinta m'mawa. Mwana amene wawerenga usiku wonse ndiye amaluza mayeso akabedwa. Ndiye aphunzitsi anzanga, ikani pasiwedi pa Wi-Fi, fufutani zotsala pa mzere, ndipo mukasindikiza mayeso imirirani pomwepo mpaka tsamba lomaliza.