Hypertext ya magawomagawo

Hypertext ya magawomagawo ndi chikalata cha pakompyuta chosanjidwa kuyambira pa mutu waukulu kutsikira ku timagawo, chokhala ndi malinki amene wowerenga amadina kuti atsike, akwere kapena alumphire mbali ina. Ted Nelson anafalitsa dzina lakuti hypertext mu 1965, ndipo Tim Berners-Lee anakonza maziko a World Wide Web ku CERN mu 1989. Ku Zambia intaneti inafika mu 1994 kudzera mwa Zamnet, yomwe inabadwira pa University of Zambia.

Malamulo a dzikoli amaonetsa bwino kasanjidweka, poti anali m'magawo kale asanaikidwe pa webusaiti ya ZambiaLII. Wophunzira upolisi ku Lilayi akafuna lamulo la kupha munthu mwadala amatsegula Penal Code, Chaputala 87, n'kutsika mndandanda wa zamkatimu kufika pa ndime 200. Ena amati kuyenda motere n'kutaya nthawi popeza bokosi lofufuzira limamufikitsa munthu pomwepo. N'zoona kuti limafulumira, koma limamutula pakati pa chikalata osamuonetsa zozungulira. Ndime 200 siimveka payokha: tanthauzo la cholinga choipa chimene imatchula lili pa ndime 204, ndipo kupha mosafuna kuli pa 199. Wotsika kuchokera pamwamba amaziona zitatuzi zili moyandikana.

Vuto lenileni ndi kusochera magawo akachuluka, makamaka pa foni pomwe mndandanda umabisika. N'chifukwa chake masamba ambiri amaika pamwamba kamzere kosonyeza njira imene wowerenga wadzera, ndi linki yobwerera ku chiyambi.