Nambala Imene Inanyenga Munthu Wanzeru

Nambala zina zimagawika popanda chotsala, monga 15 imene igawika ndi 3 ndi 5. Zina, monga 7, zimakana. Zigawika ndi 1 ndi izo zokha basi.

M'chaka cha 1640 Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku France, analikusinkhasinkha za nambala izi: 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Mapangidwe ake ngotere: kuchotsapo 1, kuchulukitsa chotsalacho ndi icho chomwe, ndi kubwezerapo 1. Chotero 5 abala 17, ndipo 17 abala 257. Poona kuti zisanu zonsezi nzosagawika, Fermat anakhulupirira kuti zotsatira zonse ziri chimodzimodzi, ngakhale analibe umboni.

Yachisanu ndi chimodzi inali 4,294,967,297. Inakhala zaka 92 yosatsutsidwa, kufikira 1732 pamene Leonhard Euler, mnyamata wa ku Switzerland wa zaka 25 wokhala ku St Petersburg, anasonyeza kuti igawika ndi 641, nituluka 6,700,417.

Kufikira lero palibe anapezapo ina yosagawika mu mzere umenewu. Zitsanzo zisanu zinasokeretsa katswiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.