Mowa, Chamba ndi Bwalo la Mpingo ku Chisi

Munthu wofuna kufika pa chilumba cha Chisi, akachoka mu mzinda wa Zomba, amatsata msewu wolowera kuvuma kufikira pa doko la Kachulu, nakwera bwato loolokera ku dziko la Mfumu Mkumbira, pakati pa madzi amchere a nyanja ya Chilwa, imene imalandira mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe koma yosatulutsa mtsinje ndi umodzi womwe. Pamene David Livingstone anaiona nyanjayi m'chaka cha 1859, mowa anaupeza kale m'midzi ya Amang'anja. Koma unali mowa wokhala ndi mwambo wake, wofulidwa ndi amayi kuchokera ku chimera, woitanira anthu ku dima, ku maliro ndi ku nsembe za mizimu, umene mnyamata wosakwatira sakadaukhalira pamodzi ndi akulu. Unalinso ndi malire ena amene makolo sanachite kuika: masese akagona masiku owerengeka amasasa, ndipo nkhokwe ikatsika palibe mayi wanzeru akanyika chimera.

Amishoni a ku Scotland, amene anakhazika Blantyre mu 1876 ndi Domasi mu 1884 pansi pa Alexander Hetherwick, anabwera ndi bwalo la akulu a mpingo, ndipo kuledzera kunakhala umodzi wa milandu yake. Wopezeka wolakwa ankaimitsidwa ku Mgonero wa Ambuye, nakhala m'kalasi kufikira akulu ataona zipatso za kulapa. Akatolika analola chikho nadzudzula kuledzera. Asilamu, amene ali ochuluka m'chigawo chino, anakaniratu zonse. Sitinyoza makolo athu m'chikhulupiriro, pakuti mabanja ambiri anapulumuka ndi mwambo wolimbawo. Koma bwalo limaweruza chimene chili ndi mboni, ndipo funso lake linali lakuti, anamuona ndani ali pa mowa? Chotero diso la mpingo linaphunzira kuona chipanda m'manja mwa munthu, losaphunzira kuona goli pakhosi pake.

M'mene zaka zinapita, mowa womwewo unasintha chikhalidwe. Kachasu, wotchezedwa ndi madeya ndi shuga, sasasa, salindira nyengo yokolola, ndipo safuna khamu. Amalowa m'botolo nagona pansi pa mphasa. Usodzi wa matemba, milamba ndi makumba unadzetsa ndalama ya tsiku ndi tsiku m'dzanja la mnyamata amene sanamangepo nyumba, ndipo asodzi ogonera m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa mabango, amatha milungu ali kutali ndi mkazi, mfumu ndi mbusa. Kumeneko chamba chimatchedwa mankhwala a mphepo ndi opatsa mphamvu yokokera khoka usiku. Pambuyo pake kunadza timasacheti ta mowa, totsika mtengo kotero kuti ndi mwana wasukulu yemwe akadatha kugula, tobisika m'thumba la malaya a Lamulungu. Ndipo ngakhale boma linatiletsa mu 2015, timabotolo tinalowa m'malo mwake.

Apa ndipo panaonekera kufooka kwa njira yakale ija. Munthu wodziwa kuti akaulula adulidwa amaphunzira kubisa, ndipo wa m'nyumba mwake amabisa naye, poopa manyazi. Zizindikiro zilipo, koma n'zazing'ono: mnyamata wa kwaya amene kale ankafika woyamba, tsopano afika nyimbo zitatha, maso ali psuu, akutafuna kanthu kophimba fungo, bambo amene manja ake anjenjemera m'mawa potsegula buku la nyimbo, nakhazikika dzuwa likapendeka, mayi amene waleka kupereka chopereka cha Mvano pamene mwamuna wake wagulitsa madengu a matemba, ndipo akafunsidwa za chilonda cha pamphumi ati anagunda chitseko. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo odekhawo kawirikawiri akhala amayi a Mvano ndi a m'miphakati ya Chikatolika, amene amalowa m'nyumba, naona mphika wopanda ndiwo, nthawi yaitali nkhani isanafike ku bwalo. Ikafika, imakomananso ndi chopinga china, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka: womangidwayo akakhala mkulu wa mpingo, kapena mwini maukonde amene anapereka malata a tchalitchi, pakamwa pa abale pamalemera.

Nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, zobisika zimayalidwa poyera. Mabwato amagona pamatope ong'aluka, ndalama imatha, koma ludzu lija silitha. Pamenepo njinga, wailesi ndi ukonde womwe zimapita, ndipo anthu amadabwa ngati kuti matendawo ayamba dzulo.

Mipingo ya Chipentekoste itafalikira, inatchula vutoli chiwanda cha mowa, nisanjika manja pa womangidwayo. M'menemo muli choonadi chimene bwalo lakale linachiphonya, chakuti munthuyo sali mfulu, ndipo kumuuza kuti angoleka sikukwanira. Koma iye akagwanso patapita mwezi, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, nachoka wolemedwa koposa kale. Chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba, chimene chiyambi chake chinali m'ndende ya mumzindawo mu 1910, chimalandira ambiri ovulazidwa ndi chamba ndi mowa, ndipo abale a St John of God, ochokera mu mpingo wa Katolika womwewo, amathandiza otere ku Mzuzu monga odwala oyenera kuchiritsidwa. Komabe banja la ku Chisi limayamba lapita kwa abusa, kapena kwa sing'anga, ndipo mtengo wa bwato ndi wa galimoto yopita ku Zomba limaufunafuna pokhapokha mwana wawo atayamba kuvula zovala pagulu, pamene amayi a mumpingo anali ataziona kale zaka zingapo m'mbuyomo.