Kuleka mkaka wa ng'ombe poyamwitsa khanda lolira kwambiri: zimene amayi ayenera kudziwa

Amayi ena oyamwitsa amalangizidwa ndi abale kapena anzawo kuti aleke kumwa mkaka wa ng'ombe ngati khanda lawo likulira kwambiri ndi kupindika miyendo ngati likumva kupweteka m'mimba. Madokotala a ana akuti malangizo amenewa amathandiza ana owerengeka okha, amene matupi awo amadana ndi mapuloteni a mumkaka wa ng'ombe. Kwa makanda ambiri kulira kumabwera pa zifukwa zina, ndipo mayi woleka zakudya popanda uphungu angafooketse thupi lake pacabe.

Kulira kwa khanda

Khanda liri lonse limalira. Kulira kumaculuka pamene mwana akwanitsa masabata asanu ndi limodzi, makamaka madzulo, ndipo kumayamba kucepa akafika miyezi itatu kapena inayi. Izi zimacitika kwa ana oyamwa ndi kwa ana omwa mkaka wa m'zitini womwe.

M'caka ca 1954 dokotala wa ana wa ku America, Morris Wessel, anapereka muyeso umene madokotala anagwiritsa nchito kwa zaka zambiri. Iye anati kulira kwapyola muyeso ngati mwana alira maola oposa atatu patsiku, masiku oposa atatu pasabata, kwa masabata oposa atatu. Ana ambiri olira motere amakhala athanzi, amayamwa bwino ndipo sikelo yawo imakwera mwezi ndi mwezi.

Zifukwa zina zofala ndi njala, kutopa, kutentha kapena kuzizira, thewera lonyowa ndi mpweya umene mwana amameza ngati sanagwire bwino bere. Namwino akaona mmene mwana akuyamwira ndi kukonza kagwiridwe ka bere, nthawi zambiri vuto limacepa.

Mmene mkaka wa ng'ombe umafikira kwa mwana

Mkaka wa ng'ombe uli ndi magulu awiri a mapuloteni, casein ndi whey. Mayi akamwa mkaka, tizigawo tocepa kwambiri ta mapuloteni amenewa tingadutse m'magazi ake ndi kufika mumkaka wa m'mawere. Kwa ana ena, citetezo ca m'thupi cimaona mapuloteniwo ngati mdani ndi kuyamba kulimbana nawo. Kulimbanaku ndiko kumatupitsa khungu kapena mkati mwa matumbo.

Vutoli limapezeka mwa ana awiri kapena atatu pa ana 100 alionse m'caka cawo coyamba, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwa mkaka wa m'zitini. Pa ana oyamwa bere lokha, ciwerengero cake ndi cocepa, pafupifupi mwana mmodzi pa ana 200.

M'caka ca 2020 akatswiri a pa Imperial College London ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku m'magazini ya madokotala ya JAMA Pediatrics. Iwo anapeza kuti ngakhale pa ana amene vutoli linatsimikizidwa, kwa oposa 99 pa 100 alionse mapuloteni ofika mumkaka wa mayi amakhala ocepa kwambiri moti sangawadwalitse. Ndiye cifukwa cake madokotala ambiri safulumira kuuza mayi kuti aleke mkaka.

Kusiyana kwake ndi vuto la lactose

Anthu ambiri amasokoneza vuto la mapuloteni ndi vuto lolephera kugaya shuga wa mumkaka wochedwa lactose. Akuluakulu ambiri mu Africa amatupidwa kapena kutsegula m'mimba akamwa mkaka wambiri cifukwa ca shuga ameneyu, koma nkovuta kwambiri kupeza khanda lobadwa ndi vutoli.

Mkaka wa m'mawere uli ndi magalamu pafupifupi 7 a lactose m'mamililita 100 alionse, kuposa mkaka wa ng'ombe umene uli ndi magalamu pafupifupi 5. Shugayu amapangidwa m'bere momwemo, conco zimene mayi amadya sizisintha kuculuka kwake. Mkaka wogulitsidwa m'masitolo wolembedwa kuti ulibe lactose umakhalabe ndi mapuloteni onse, ndipo suthandiza mwana wodana ndi mapuloteniwo.

Zizindikiro

Zizindikiro zimabwera m'njira ziwiri. Zina zimaoneka msanga, pasanathe maola awiri: ziwengo zotukuka pakhungu, kutupa kwa milomo, zikope kapena nkhope, kusanza, ndi kupuma movutika. Izi zimaoneka kawirikawiri pamene mwana wamwa yekha mkaka wa m'citini kapena wadya phala lothira mkaka.

Zina zimacedwa, kuyambira maola awiri kufika masiku atatu. Zimenezi ndi timizere ta magazi kapena zonanda ngati mamina m'cimbudzi, kutsegula m'mimba kosaleka, kudzimbidwa, kusanza pafupipafupi, khungu louma loyabwa losamva mankhwala, kukana bere ndi kusakwera sikelo.

Kulira kokha, popanda cimodzi ca zizindikiro zimenezi, sikukwanira kunena kuti mwana ali ndi vutoli. Kubweza mkaka pang'ono akatha kuyamwa ndi kucita cimbudzi cofewa kangapo patsiku nzozolowereka kwa khanda loyamwa.

Mmene madokotala amatsimikizira

Pa zizindikiro zobwera msanga pali kupima magazi kapena khungu m'zipatala zazikulu. Pa zizindikiro zocedwa palibe kupima kodalirika. Njira imene ilipo ndi yakuti mayi aleke zonse za mkaka kwa masabata awiri kufika anayi, akuyamwitsabe monga mwa masiku onse, ndipo azilemba mmene mwana akugonera, kulira ndi kucita cimbudzi.

Masabatawo akatha, mayi amayambanso kudya za mkaka kwa sabata limodzi. Gawo limeneli ndi lofunika cifukwa kulira kumacepa kokha mwana akamakula, ndipo mayi angaganize kuti kuleka mkaka ndiko kwathandiza. Ngati zizindikiro zinatha ndipo zabwerera mkaka utayambidwanso, vutoli latsimikizika. Ngati sipanakhale kusintha, mayi abwerere ku zakudya zake zonse, ndipo dokotala afufuze cifukwa cina.

Mwana amene anatupa nkhope kapena kubanika asayesedwe motere kunyumba. Kuyesa kwake kumacitikira kucipatala.

Zakudya zofunika kupewa

Pa nthawi yoyesa, mayi amaleka mkaka wamadzi, mkaka waufa, mkaka wowawasa monga mabisi, yogati, chizi, batala ndi ayisikilimu. Mkaka umabisalanso m'mabisiketi, makeke, masikono, chokoleti, majarini ena, maheu ena a m'mabotolo ndi ufa woyera wothira mu tiyi. Pogula, mayi awerenge pacikuto ndi kuyang'ana mawu akuti milk, whey, casein, caseinate, butter ndi cream.

Mkaka wa mbuzi ndi wa nkhosa sungalowe m'malo, pakuti mapuloteni ake amafanana kwambiri ndi a ng'ombe. Ana ena odana ndi mkaka wa ng'ombe amadananso ndi soya, koma mayi asaleke soya pokhapokha dokotala atamuuza. Mazira si mkaka ndipo palibe cifukwa cowalekera.

Kwa mabanja ambiri muno m'Zambia kuyesaku sikovuta, popeza nsima, ndiwo zamasamba, nyemba, nsomba, nyama, kandolo, mpunga ndi thobwa lophika pakhomo ziribe mkaka. Ndipo ngati mayi samwa mkaka kawirikawiri koma mwana akulirabe, nzoonekeratu kuti cifukwa cake ciyenera kufunidwa kwina.

Zolowa m'malo mwa mkaka

Mayi woyamwitsa amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 a kashiamu patsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Kashiamu wopita mumkaka wa m'mawere sadalira kwenikweni zimene mayi wadya tsiku limenelo, cifukwa thupi limatapako ku mafupa a mayi ndi kubwezera mwana akaleka kuyamwa. Conco mayi wosiya mkaka ayenera kusamala zakudya zake kuti ateteze mafupa ake.

Kapenta wa ku Mpulungu ndi ku Siavonga, cisense ndi tinsomba tina todyedwa ndi minga yomwe tiri ndi kashiamu wambiri. Zina ndi bonongwe, cigwada, mnkhwani, kholowa, repu, therere, nyemba, citowe, malambe ndi phala la mawere. Nsinjiro, mazira ndi nyama zimapereka mapuloteni ndi mphamvu. Ngati mayi adzakhala miyezi yambiri osadya za mkaka, dokotala angamulembere mapiritsi a kashiamu ndi vitamini D.

Kuleka zakudya zambiri nthawi imodzi, monga mkaka, mazira, nshawa, nyemba ndi nsomba, nkoopsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Pa banja limene cakudya ndi copereweza kale, mayi woyamwitsa amafunika zakudya zamitundumitundu.

Kuyamwitsa kupitirire

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linalimbikitsa m'caka ca 2001 kuti ana aziyamwa bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndi kupitiriza kuyamwa kufika zaka ziwiri kapena kupitirira, akudya zakudya zina. Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la National Food and Nutrition Commission amaphunzitsa zomwezo. Kafukufuku wa 2018 uja anapeza kuti ana 70 pa 100 alionse osakwana miyezi isanu ndi umodzi anali kuyamwa bere lokha.

Mwana wodana ndi mkaka wa ng'ombe sadana ndi mkaka wa mayi wake. Kumusiyitsa bere ndi kumupatsa mkaka wamba wa m'zitini kumakulitsa vuto, cifukwa mkakawo umapangidwa kucokera ku mkaka wa ng'ombe. Ulipo mkaka wapadera wophwanyidwa mapuloteni, koma ndi wodula ndipo umaperekedwa pa uphungu wa dokotala. Mkaka wa soya sulimbikitsidwa kwa ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi.

M'caka ca 2018 magazini ya madokotala ya BMJ inalemba kuti ku Britain kulembera ana mkaka wapaderawu kunakwera ndi pafupifupi 500 peresenti pakati pa 2006 ndi 2016, ndipo inadandaula kuti makampani opanga mkaka anali kuthandizira maphunziro ndi malangizo a matendawa. Muno m'Zambia, lamulo la Statutory Instrument 48 la 2006 linakhazikitsidwa kuti liletse kutsatsa mkaka wolowa m'malo mwa bere.

Amayi amene ali ndi kacirombo ka HIV amalangizidwa kumwa mankhwala a ARV mosadumphitsa ndi kuyamwitsa bere lokha miyezi isanu ndi umodzi. Asasinthe kadyetsedwe ka mwana asanakambirane ndi a kukiliniki. Makanda onse a msinkhu umenewu asapatsidwe madzi, tiyi, phala kapena mankhwala azitsamba pofuna kuwatontholetsa.

Nthawi yothamangira kucipatala

Mwana apite naye kucipatala nthawi yomweyo ngati watentha thupi, akukana kuyamwa, akusanza ciriconse, akusanza zobiriwira, wakomoka, wafooka kwambiri, akupuma movutika, watupa nkhope kapena mimba, kapena akucita cimbudzi ca magazi. Malungo, cibayo, kamwazi ndi matenda oumitsa khosi angayambe ndi kulira, ndipo sadikira masabata oyesa zakudya.

Kholo lotopa ndi kulira kwa mwana limugoneke cagada pamalo abwino, kapena limupereke kwa bambo, agogo kapena wacibale, ndi kupuma pang'ono. Kugwedeza khanda mwaukali kungavulaze ubongo wake ngakhale kulipha.

Vutoli limatha

Pafupifupi theka la ana odana ndi mkaka wa ng'ombe amacira akamakwanitsa caka cimodzi, ndipo ambiri mwa otsalawo amacira asanayambe sukulu. Madokotala amayesanso mwana akafika miyezi 9 kufika 12, kapena patapita miyezi isanu ndi umodzi cipezereni vutoli. Amayamba ndi zakudya zowocha zokhala ndi mkaka pang'ono, monga bisiketi, kenaka yogati, ndi kutsiriza ndi mkaka weniweni.

Pa nthawi yonseyi makolo akulimbikitsidwa kupita ndi mwana kusikelo mwezi uliwonse ndi kusunga bwino khadi lake, popeza kukwera kwa sikelo ndiko kumaonetsa ngati mwana akukula bwino.